Apongozi anu sakulakwitsa pokakamira chinangwa chowawa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anakulira ku Dedza koma anakwatiwa ku Nkhata Bay. Akuti anapititsako mbewu ya Manyokola, chinangwa choti ukazula ukhoza kudya pomwepo, koma apongozi awo anangobzala mapesi ochepa kuseri kwa nyumba, munda wonse n'kudzaza Gomani wowawa uja. Akufunsa kuti kuwawako kumachokera kuti, nanga anthu amadzivutitsiranji ndi chinangwa chofuna kuviika masiku angapo.

Mayi, chinangwa sichingathawe nguluwe ikafika usiku, ndiye chitetezo chake chili m'thupi mwake momwemo. M'maselo ake chimasunga mankhwala otchedwa linamarin, ndipo pambali, mosakhudzana nawo, chimasunganso ena otchedwa linamarase. Awiriwa akakhala motalikirana palibe choopsa. Koma dzino likangoluma, maselo amaphwanyika, mankhwalawo n'kusakanikirana, pomwepo pamatuluka poizoni wa cyanide amene amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya umene lapuma. Ine zimandigometsa kuti mbewu imasunga poizoni osadzipweteka nayo yokha, n'kudikira kuti wodzaidyayo adzipangire yekha m'kamwa mwake. Manyokola nayenso ali nawo mankhwalawa, kungoti ambiri ali m'khungu limene timasenda. Chowawa chili nawo mpaka m'kati moyera, ndipo masamba amaposa mizu. N'chifukwa chake chigwada timayamba tachisinja bwinobwino tisanachiphike.

Tsono taganizirani munda umene uli pafupi ndi thengo, kumene anyani, nguluwe ndi nungu zimayendera, osaiwala anthu odutsa amene amazula mtengo umodzi n'kumatafuna panjira. Chinangwa chimakhala m'nthaka chaka kapena kupitirira, nkhokwe yake ndi mundawo. Ndani angalondere munda miyezi yonseyo? Wofufuza wa kuno kwathu, Linley Chiwona-Karltun, anacheza ndi alimi a ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri, makamaka amayi, anamuuza zomwezi: chowawa akuba ndi nyama sazikonda, choncho chakudya chimafika pakhomo. Ndimaona kuti nzeru imeneyi sitiilemekeza mokwanira.

Kuviika kuja n'kumene kumachotsa poizoniyo. Mizu ikafewa m'madzi, mankhwala awiri aja amakumana, cyanide n'kutuluka, ndipo kuyanika padzuwa kumamalizitsa ntchitoyo. Apa ndikupempheni ndithu, musamafupikitse masiku ngakhale njala itavuta. Chilala chikagwa, poizoni m'chinangwa amachuluka, ndipo ndi nthawi yomweyonso imene anthu amathamangira kudya chosaviikika bwino, ndiwo za nsomba kapena nyemba zili zosowa. Mu 1981 ku Nampula, m'dziko la Mozambique, zinatere, ndipo anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo ana ndi amayi, anapuwala miyendo ndi matenda a konzo, amene akagwira munthu sachira. Kondowole wokonzedwa modekha alibe vuto limeneli.

Komabe si adani onse amene amagwa mumsamphawu. Tizilombo ta kodikodi sititafuna, timangolowetsa kamlomo kopyapyala n'kumayamwa madzi a mbewu osaphwanya maselo ambiri. Tinachokera ku South America, kwawo kwa chinangwa, tinafika mu Africa m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'ma 1980 tinasakaza minda ya m'mbali mwa nyanja kuno, chowawa ndi chozuna chomwe. Chimene chinathandiza ndi kamavu kakang'ono kwambiri kamene asayansi a bungwe lofufuza za ulimi la IITA anakatenga ku South America komweko. Kamaikira mazira m'thupi la kodikodi, mphutsi zake n'kumadya kachilomboko kuyambira m'kati.

Manyokola wanu musamutaye, mumusiye kuseri kwa nyumba komweko kumene maso a anthu ndi agalu amafika, muzidzamwera tiyi.