Agogo Ayankha: Za Saluni, Ndale ndi Kusunga Pakamwa

Makalata awiri andipeza, onse ochokera kwa atsikana a ntchito ya tsitsi. Woyamba wamaliza Fomu 4, zala zake zimaluka bwino, ndipo akufuna kutsegula saluni, koma bambo ake akanitsitsa. Akuti imeneyo ndi ntchito ya olephera sukulu, ndipo mu saluni mumangotuluka miseche yopasula mabanja. Wachiwiri saluni ali nayo kale. Iye akuti nyengo ya kampeni ikafika kumabwera anthu a chipani ndi nsalu ndi kangachepe m'manja, kuti apachike chithunzi cha munthu wawo pambali pa galasi n'kumanong'oneza makasitomala woti amuvotere. Akufunsa ngati alandire, komanso ngati ndale n'zoyenera kukambidwa pamalo a bizinesi. Khalani pansi nonse awiri, adzukulu anga, nkhani yanu ndi imodzi.

Ndiyambe ndi iwe wa bambo okana. Usawayankhe mwamwano, chifukwa miseche akunenayo ilikodi, tonse taimvapo. Koma ntchito ya tsitsi ili ndi mbiri imene mwina bambo ako sadaimve, ndipo mbiriyo ili ku America, pakati pa ana ndi adzukulu a akapolo.

Mtsikana wina dzina lake Sarah Breedlove adabadwa mu 1867 ku Louisiana, pamunda wa thonje pomwe makolo ake adagwirapo ukapolo. Makolowo adamwalira iye ali ndi zaka 7, adakwatiwa ali ndi zaka 14, ndipo pofika zaka 20 adali kale wamasiye ndi mwana wamkazi kumsana. Ku St. Louis adakhala zaka zambiri akuchapa zovala za eni, patsiku n'kumapeza mwina $1.50. Tsitsi lake lidayamba kuthothoka monga linkachitira la amayi ambiri osauka nthawi imeneyo, poti m'nyumba mudalibe madzi a m'mipope, kusamba m'mutu kudali kwa apo ndi apo, ndipo matenda a pakhungu la mutu adali ponseponse. Adayamba ndi kugulitsa mafuta a tsitsi a mayi wina wakuda, Annie Turnbo Malone, mwini wake wa kampani ya Poro, kenaka adapanga akeake. Atakwatiwa ndi Charles Joseph Walker mu 1906 adadziwika kuti Madam C. J. Walker, ndipo mu 1910 adakhazikitsa fakitale ku Indianapolis.

Usaganize kuti amuna adawaombera m'manja Mayi Walker. Amuna akuda a bizinesi naonso ankaiyang'anira pansi ntchitoyi. Mu 1912, pamsonkhano wa bungwe la anthu akuda a bizinesi la National Negro Business League ku Chicago, wapampando Booker T. Washington sadawapatse mpata woyankhula. Tsiku lomaliza mayiwo adangoimirira pakati pa anthu n'kunena za moyo wawo: kuti adachokera kuminda ya thonje, kuchoka kumeneko adakwezedwa kukhala wochapa, kenaka wophika, ndipo pomaliza adadzikweza okha n'kumanga fakitale yawo pamalo awoawo. Chaka chotsatira Washington yemweyo adawaitana kuti adzayankhule. Taona, sadamutukwane munthu wamkuluyo. Adangomuyalira ntchito ya manja awo. Iwenso chita chomwecho. Uyambe kuluka pakhonde, ugule kope, uzilemba aliyense amene waluka, ndalama imene walandira ndi imene wagulira mesh ndi mafuta. Pakatha miyezi ingapo ukatule kopelo kwa amalume ako, iwo ndiwo akakhale pansi ndi bambo ako. Mwana satsutsana ndi bambo ake pabwalo, koma mlamu ndi mlamu amauzana zoona.

Tsono tibwere pa ndale. Mu July 1917 ku East St. Louis azungu adaukira anthu akuda, kupha ambirimbiri ndi kutentha nyumba zawo. Masiku amenewo kumwera kwa America munthu wakuda ankatha kugwidwa ndi gulu la anthu n'kupachikidwa pamtengo popanda mlandu kuzengedwa, opha aja osamangidwa. Mayi Walker adali m'komiti imene idakonza zoti anthu akuda zikwizikwi aguba mwakachetechete mumsewu wa Fifth Avenue ku New York pa 28 July. Patangopita masiku ochepa adapita ndi atsogoleri ena ku White House kukapempha Pulezidenti Woodrow Wilson kuti pakhale lamulo loletsa kupha kotereku. Wilson sadakumane nawo, adawasiyira mlembi wake. Mu August chaka chomwecho amayi pafupifupi 200 ogulitsa mankhwala a Walker adasonkhana ku Philadelphia, ndipo msonkhano wa anthu a tsitsiwo udatumiza telegalamu kwa Pulezidenti pa nkhani yomweyo. Mphoto sizinkapita kwa wogulitsa kwambiri yekha, zinkapitanso kwa amene athandiza kwambiri anthu a m'dera lawo. Atatsala pang'ono kumwalira mu May 1919, Mayi Walker adalonjeza $5,000 ku thumba lolimbana ndi kupachika anthu la NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda.

Amenewo adali mayi wolemera, ndipo mwina muziti ife tifanana nawo bwanji. N'chifukwa chake mtima wanga uli kwambiri pa mayi wina amene analibe fakitale, adangokhala ndi saluni yaing'ono ku Charleston, m'chigawo cha South Carolina. Dzina lawo Bernice Robinson.

Kumeneko munthu wofuna kulembetsa kuti avote ankauzidwa kuti awerenge ndime ya malamulo aakulu a chigawocho pamaso pa mlembi wachizungu. Anthu akuda ambiri a pachilumba cha Johns Island, pafupi ndi Charleston, sadapite patali ndi sukulu, choncho ankabwezedwa. Bambo wina woyendetsa basi, Esau Jenkins, ankaphunzitsa anthu okwera basi yake ndime zimenezo ali paulendo wopita kutauni, koma adaona kuti pakufunika sukulu yeniyeni. Adagwirizana ndi mphunzitsi Septima Clark ndi sukulu ya akuluakulu ya Highlander ya ku Tennessee. Vuto lidali lakuti aphunzitse ndani. Mayi Clark eni ake adali atachotsedwa ntchito mu 1956, ataphunzitsa zaka pafupifupi 40, chifukwa boma la chigawocho lidakhazikitsa lamulo loti wogwira ntchito m'boma asakhale membala wa NAACP, ndipo iwo adakana kubisa umembala wawo. Mphunzitsi aliyense adaona zimenezo n'kuzizira nkhongono. Wantchito wa m'nyumba akadaonekera, dona akadamuchotsa m'mawa mwake. Wolima pamunda wa mzungu akadathamangitsidwa pamodzi ndi ana. Koma mayi wa saluni angamuchotse ntchito ndani? Makasitomala ake ndi akuda, mafuta amagula kumakampani a anthu akuda, mpando ndi wake, chipeso ndi chake.

Choncho mu January 1957 Mayi Robinson, amene adali mbale wawo wa Mayi Clark, adayamba kuphunzitsa anthu 14 m'chipinda chakumbuyo kwa sitolo ya kopaletivi, kuti wodutsa panjira azingoona mashelefu a katundu. Ankaphunzira madzulo, anthu ataweruka kuminda. Tsiku loyamba mayiwo adawauza kuti sadabwere ngati mphunzitsi wawo, koma kuti aphunzirire limodzi, ndipo adawafunsa chimene aliyense akufuna kudziwa. Wina adafuna kulemba dzina lake kuti aleke kuika mtanda papepala, wina kudzaza fomu yotumizira ndalama ku positi ofesi, wina kuitanitsa katundu wa m'katalogi popanda kupempha mzungu. Mayi Robinson ankalemba nkhani zimene anthuwo akusimba za kumunda ndi kunyumba, n'kuwaphunzitsira kuwerenga pa mawu awo omwe. Pakhoma adapachika chikalata cha United Nations cha ufulu wachibadwidwe wa anthu. Ulemu woterewu pa akuluakulu osadziwa kuwerenga sadauphunzire ku koleji. Adauphunzira kuseri kwa mpando, pomwe umagwira mutu wa munthu maola atatu, n'kumamvetsera osamuchititsa manyazi. Sukulu zoterezi zidafalikira kumwera konse, makamaka zitapita m'manja mwa bungwe la Martin Luther King Jr. mu 1961, ndipo mu 1965 lamulo loteteza ufulu wovota la Voting Rights Act lidathetsa mayeso a kuwerenga aja m'zigawo zimene ankapondereza nawo anthu. Ku Clarksdale, Mississippi, kudalinso Mayi Vera Pigee, amene saluni yawo idali ngati ofesi ya NAACP, ndipo ndiwo ankalangiza achinyamata a bungwelo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwiritsitse. Anthu ena a ku Charleston ankaopa kuti makalata a NAACP akafika kunyumba kwawo, wa positi aulula n'kuwachotsetsa ntchito, ndiye makalatawo ankafikira ku saluni ya Mayi Robinson. Mayi amalowa kudzakonzetsa tsitsi, amatuluka ndi kalata yake m'chikwama, palibe wodziwa. Akadakhala a pakamwa pochucha, mabanja angati akadagona ndi njala? Saluni idasanduka malo a ufulu chifukwa mwini wake ankasunga chinsinsi. Mtsikana amene lero akufalitsa kuti mayi uje akumwa mankhwala akutiakuti, kapena kuti mwamuna wa uje sagona pakhomo, palibe amene mawa angamusungitse nkhani yaikulu. Chimene wamva munthu ali pansi pa draya chizitsala pomwepo. Ndipo masiku ano pakamwa pali pawiri, pena ndi pa foni. Kujambula mutu wa kasitomala n'kuuika pa Facebook kapena pa WhatsApp osamupempha ndi miseche yomweyo yovala nsapato.

Iwe wa nsalu za chipani, yankho langa ndi ili: usalandire. Sindikuti usakhale ndi chipani chako ayi. Ena mwa amayi a ku America aja adali ndi zipani zawo ndithu, ndipo iwenso voti yako ndi yako. Koma mphamvu yawo yonse idagona poti palibe amene adagula mpando wawo. Ukangolandira kangachepe kaja wadzipezera bwana, ndipo tsiku limene mpope wa m'dera lanu udzaume kapena mankhwala adzasowe kuchipatala, udzafuna kuyankhula koma pakamwa padzakhala podzaza. Komanso mutu umene ukuluka suudziwa kuti uvotera ndani. Mayi wa chipani china akaona chithunzi pakhomapo sakuuza kanthu, amangosiya kubwera. Ndale zoyenera mu saluni zilipo: kukumbutsana za tsiku la kalembera, kufunsana ngati chiphaso cha unzika chilipo, kuwerengera gogo wosaona bwino zimene zalembedwa papepala, kuuza mtsikana womenyedwa kunyumba kumene angakadandaule. Anthu akayamba kutsutsana za atsogoleri asiyeni atsutsane, bola pasakhale kutukwana, ndipo iwe manja akhale pa tsitsi.

Bwana wina amene muyenera kumuopa ndi ngongole. Saluni yotsegulidwa ndi ndalama za katapila, kapena za bambo wa mwini amene akukufuna, si yako ngakhale chikwangwani chitalembedwa dzina lako. Kuli bwino kuyamba ndi mpando umodzi wogulidwa ndi ndalama za ku banki m'khonde kusiyana ndi madraya anayi a munthu amene adzabwere usiku kudzatenga malipiro ake. Ndipo ukadzakula n'kulemba atsikana ntchito, uziwalipira pa tsiku limene mudapangana, uwaphunzitse ntchito yonse osawabisira. Mayi Walker ndi Mayi Malone adaphunzitsa amayi zikwizikwi amene akadathera moyo wawo wonse pabeseni la zochapa za eni.

Ndisabise, amayi amenewa naonso ankadzudzulidwa ndi anzawo akuda, kuti kuwotcha tsitsi ndi chipeso chamoto n'kufuna kufanana ndi azungu. Mayi Walker ankayankha kuti cholinga chawo n'kuchiritsa khungu la mutu kuti tsitsi limere. Mkangano umenewo sudathe mpaka lero, ndipo ine sindiweruza mutu wa munthu. Wofuna wivi avale, wofuna lachibadwa alisunge. Pamene ndimaimitsa phazi ndi pa mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa iwo ali ndi poizoni wotchedwa mercury kapena mankhwala ena aukali amene amapyapyalitsa khungu, kusiya zipsera zakuda m'masaya, ndipo mercury imawononga impso. Phindu lake ndi lokoma, ndikudziwa, ndipo makasitomala adzakufunsani. Muziwayankha mwaulemu kuti amenewo simusunga, ndipo amene khungu layamba kale kusupuka mumulangize apite kuchipatala asanagule botolo lina.