Mwana wa nthochi amatengera zonse kwa make, ndi matenda omwe

Mayi, mwafunsa ngati ana a nthochi amene anzanu akupatsani adzabereke mikoko ngati ya kwawoko, komanso kuti nthochi imachulukana bwanji pomwe ilibe njere. Inde, adzafanana, malinga nthaka ndi madzi zikhale bwino. Mphukirayo sinachokere ku mungu ayi, yangophuka pa chitsa cha pansi pa nthaka, ndiye kuti ndi chomera chomwecho chikupitirira. Timadontho takuda mumationa pakati pa nthochi yakupsa tija ndi njere zimene sizinakhwime, sizingamere. Chinangwa timadzala mitengo, mbatata timadzala kholowa, nzimbe timakwirira mfundo zake: njira yake ndi yomweyi, kuchulukana popanda chachimuna ndi chachikazi.

Koma pali chimene chikundidetsa nkhawa, ndipo ndikupempha mumvetsere. Mwana wotereyu amatengera kukoma kwa make, amatengeranso matenda ake. Chisaka, nthenda ya nthochi yobwera ndi kachilombo, chinaoneka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1990, kenako chinasakaza minda ku Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje, mpaka misika yathu kuyamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Chinayenda kwambiri ndi anthu opatsana mphukira mwachikondi, osadziwa kuti kachilombo kali kale m'kati. Poti nthochi za mtundu umodzi zonse n'zofanana, matenda akagwira imodzi palibe inzake yolimba kuposa iyo.

Chinanso chofalitsa chisaka ndi tinsabwe takuda timene timabisala m'munsi mwa masamba, pomwe tsamba lagwirana ndi thunthu. Nato timaswana popanda yaimuna. Yaikazi imangobereka tiana tamoyo tofanana nayo, ndipo pakangopita masabata ochepa tianato nato tayamba kubereka.

Choncho musanakumbe dzenje, pitani mukaone phata limene anawo achokera. Ngati masamba ake ndi aafupi, opyapyala, oima chilili mothinana kunsonga, m'mphepete mwake mwachikasu, musatenge ngakhale mwana wooneka wathanzi. Tsambalo muliyang'anitse pa dzuwa: timizere tobiriwira kwambiri todukizadukiza m'mitsempha ndi chizindikiro. Phata lodwala silichira, limafunika kulizula ndi chitsa chomwe. Funsani alangizi a zaulimi a kwanuko komwe mungapeze mbewu yoyezedwa, ndipo chonde auzeniko anzanuwo mwaulemu ngati mwaona zizindikirozi m'munda mwawo.