Kodi kalabu ya alimi a tiyi izitseka liti mabuku?

Mayi wina wa ku Thyolo, msungichuma wa kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi, wandifunsa pa imelo kuti: "Pa wailesi timamva za bajeti ya 2024/25. Chaka chimodzi chikhala bwanji ndi manambala awiri? Nanga ife mabuku tizitseka mu Disembala?"

Amayi, chaka cha chuma ndi miyezi 12 imene bungwe lasankha kuti liwerengere ndalama zolowa ndi zotuluka, lione ngati lapindula kapena laluza. Palibe lamulo loti chiziyamba mu Januwale. Cha boma lathu chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi chaka chinacho, ndiye manambala awiri ajawo. Kale chinkayamba pa 1 Julaye, ndipo posintha, bajeti ya 2021/22 inangoyenda miyezi 9. Ine kusinthaku ndinagwirizana nako, chifukwa aphungu akavomereza bajeti mu Malichi, boma limakhala ndi mpata wogula feteleza mvula isanagwe. Kampani ya Illovo imatseka mabuku pa 31 Ogasiti, mabanki ambiri pa 31 Disembala.

Koma za Disembala kwa inuyo, ayi ndithu. Mwezi umenewu tiyi amakhala atangoyamba kuphuka ndi mvula, aliyense ali m'munda ndi dengu kumsana. Feteleza wa ngongole mwathira kale, pamene ndalama za masamba a Januwale mpaka Epulo sizinabwere. Mukatseka pamenepo mwadula nyengo pakati: buku lidzangoonetsa ngongole, phindu lake n'kukagwera m'buku la chaka china. Pamsonkhano anthu adzayamba kunong'onezana kuti msungichuma wadya ndalama, inu musanakhudze ndi tambala yomwe. Zotere zimandiwawa, chifukwa zimathamangitsa anthu okhulupirika pa udindo.

Ndikanakhala ine ndikanasankha 30 Juni, masamba atachepa, fakitale italipira, anthu ali ndi nthawi yokhala pansi. Tsikulo werengani ndalama za m'manja ndi za ku banki, matumba a feteleza otsala, komanso lembani amene sanabweze ngongole.

Yambani mwaona zimene malamulo a kalabu yanu akunena, ndipo ngati munalembetsa ku bungwe lotolera misonkho la MRA, musasinthe tsikuli osawadziwitsa, poti nthawi yoperekera mafomu a msonkho amaiwerengera pamenepo. Mukasankha, musamasunthesunthe: buku la miyezi 10 simungaliyerekeze ndi la miyezi 14.