Ngati tsiku lake linakwana, woyendetsa mota walakwanji?

Bambo wina wa ku Ulongwe wandilembera imelo. Mng'ono wawo anafa pa ngozi ya mota, woyendetsa ali chiledzerere. Pamaliro aliyense ankangoti tsiku lake linakwana. Ndiye akufunsa: ngati zonse zinalembedwa kale, woyendetsayo walakwanji? Nanga mzimu wa munthu uli ndi mphamvu yosankha kanthu?

Pepani ndi zovutazi, bambo.

Funsoli lavutitsa anthu ambiri. Mu 1814 katswiri wa masamu wa ku France, Pierre-Simon Laplace, ananena kuti patakhala wanzeru wodziwa pomwe pali kanthu kalikonse m'chilengedwe ndi mphamvu zomwe zikukakankha, angathe kuona dzulo ndi mawa ngati zili pamaso pake. Ngati ndi choncho, nthawi imangovundukula zomwe zilipo kale. Mu 1927 wasayansi wa ku Germany, Werner Heisenberg, anasonyeza kuti pa tinthu tating'onoting'ono sungadziwe bwinobwino malo ndi liwiro pa nthawi imodzi. Ena amathawira pamenepo n'kumati ndiye kuti zina zimangochitika mwamwayi, sizinalembedwe kale, koma zochitika mwamwayi sizipatsa munthu ufulu. Amene maere amugwera sanasankhe kanthu.

Chomwe chimatchulidwa kwambiri ndi kafukufuku wa mu 1983 wa Benjamin Libet, wasayansi wa za ubongo. Anapeza kuti ubongo umayamba kukonzekera kugwedeza dzanja munthu asanazindikire n'komwe kuti wafuna kuligwedeza, kusiyana kwake osakwana sekondi imodzi. Ena amati nkhani yathera pomwepo, munthu sasankha kanthu. Ine ayi. Kugwedeza chala m'chipinda choyesera n'kosiyana ndi kukhala pa kachasu masana onse, anzako akukuchonderera kuti usiye makiyi, iwe n'kuwalanda, n'kuliza mota, n'kunyamula mwana wa eni. Pamenepo panali mpata wautali wobwerera.

Maganizo anga ndi awa: chinthu kukhala ndi choyambitsa sikuchotsa kusankha, chifukwa kulingalira kwa munthuyo ndi chimodzi mwa zoyambitsazo. Madzi a Zambezi amangotsata kotsetsereka, komabe ku Songo, ku Mozambique, kuli anthu otsegula ndi kutseka zipata za damu la Cahora Bassa, ndipo olima kumunsi ku Mutarara amadziwa kuti dzanja la anthuwo lili ndi kanthu.

Za mzimu ndi nkhani ya chikhulupiriro, palibe makina anaupimapo. Koma taonani momwe makolo athu ankaganizira. Ankati chakudza sichiimba ng'oma, komabe anthu omwewo pabwalo ankalipiritsa wolakwa mbuzi. Ankakhulupiriranso kuti mzimu wa munthu wofa mwa nkhanza umakwiya mpaka aupepese. Ukanakwiyira ndani, wolakwayo akanakhala kuti sakanatha kuchita mwina?

Mawu a pamaliro aja alekeni atonthoze mayi anu, musawatsutse pakali pano. Koma mlandu ukaitanidwa kukhoti, pitani, ndipo anthu amene anamuona akumwa tsiku lija muwapemphe akaperekere umboni.