Funsani Dokotala: Mwendo wadzuka, koma mkono wa bambo udakali lende

Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 62 ndipo ndi msodzi kuno ku Senga Bay. Miyezi iwiri yapitayo anagwa m'mamawa akuchokera kunyanja, pakamwa n'kupotoka, ndipo kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Pano akuyenda ndi ndodo, koma mkono wamanja uli lende, zala zikungofumbata zokha. Timawadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwaveka. Achibale ena akuti tikawatemere mphini. Kodi mkonowu udzagwiranso nkhafi?
Mayi wa ku Salima

Mayi, pepani ndi matendawa. Nthenda ya bambo siili mu mkono, ili mu ubongo. Mtsempha wa magazi unatsekeka kapena kuphulika, ndipo kagawo kolamula mkono kanasowa magazi. Poti wafooka ndi wamanja, povulala ndi kumanzere kwa ubongo. Mphini sizingafike kumeneko, zingangowasiyira mabala.

Kawirikawiri mwendo ndiwo umayamba kudzuka, zala zimabwera pambuyo. Ubongo umatha kuphunzitsa zigawo zotsala kugwira ntchito ya gawo lowonongeka, ndipo umatero mwachangu m'miyezi itatu yoyamba, kenako pang'onopang'ono mpaka miyezi 6 ndi kupitirira. Muli pa mwezi wachiwiri, nthawi ikadali nanu.

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo mundimvetse bwino. Mukuwadyetsa ndi kuwaveka chifukwa chowakonda, koma mkono wongochitiridwa zonse ubongo umauiwala. Mkonowo umadzuka pokhapokha ukamayesa kugwira ntchito mobwerezabwereza, tsiku ndi tsiku. Akhale patebulo, mkono wodwalawo uli pamwamba, azikankha kansalu ngati akupukuta. Zala zawo azizilukanitsa n'kukweza manja onse pamodzi, wabwino ukuthandiza mnzake, koma osapitirira pamene payamba kuwawa. Zala zikayamba kugwedera, apatseni kapu yapulasitiki, atole mtedza kuika m'mbale, ayese kuumba mbamu ya nsima. Atatayako ndiwo musawalande mbale. Ndipo poti ndi msodzi, abweretsereni chingwe azimanga mfundo zimene manja awo akuzidziwa kuyambira unyamata. Munthu salema kubwereza ntchito imene mtima wake uli pomwepo. Mphindi khumi kangapo patsiku zimaposa ola limodzi lowatopetsa.

Zala zofumbatazo muziziwongola pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo, n'kutsuka ndi kupukuta bwino m'chikhatho. Musazithyole ndi mphamvu.

Chimene ndimachiona kawirikawiri, ndipo chimandipweteka mtima, ndi phewa. Minofu yogwira phewa imakhala yafooka, ndiye mukawadzutsa powakoka mkono wodwalawo, fupa limatsika pamalo pake n'kuyambitsa ululu wa miyezi. Agwireni m'chiuno kapena kumsana. Akakhala pansi mkono utsamire papilo, usamalendewere. Musawathowe ndi madzi otentha, ndipo asayandikire mbaula, chifukwa khungu losamva bwino limapsa mwini wake osadziwa.

Pitani nawo kuchipatala cha boma cha Salima mukafunse a fiziyo, akatswiri ophunzitsa ziwalo zofooka kugwiranso ntchito, kuti akawone mkonowo ndi kukuphunzitsani zochita kunyumba. Pakafunika thandizo loposa, amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ku Blantyre kuli Kachere, malo ophunzitsira anthu ofooka ziwalo.

Sitiroko imatha kubwereranso, makamaka BP ikakhala yokwera. Mankhwala asasiye ngakhale akumva bwino, ayezetse shuga ndi HIV, fodya ndi mowa asiye. Mchere usapose kasipuni kamodzi kakang'ono patsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo. Aspirin asamwe popanda dokotala kunena. Mukadzaona pakamwa papotokanso, mawu akusokonekera kapena mbali ina yafooka, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Za nkhafi sindingakulonjezeni. Ena amachira kwathunthu, ambiri amatsala ndi kufooka kwina. Yang'anitsitsani ngati ayamba kutambasula chala ngakhale pang'ono, kapena kukweza phewa okha. Zimenezo ndi zizindikiro zabwino, ndipo mukaziona mukawauze a fiziyo kuti awonjezere zochita.