Yankho kwa mayi amene akufuna kuzemba stamp duty pa masheya

Mayi wina amene amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester anandilembera imelo sabata yatha. Akuti pulogalamu ya pafoni imene amagulira masheya imalengeza kuti silipiritsa komishoni, koma akagula masheya a makampani a kuno ku Britain amapeza ndalama ina itadulidwa m'dzina la stamp duty, msonkho wa boma wolipira pogula masheya, ndipo akufunsa ngati pali njira yoizembera popeza amagula ndi kugulitsa pafupifupi sabata iliyonse. Mayi, kalata yanu yandisowetsa mtendere, ndipo chimene chandivuta kwenikweni ndi mawu omalizawo akuti sabata iliyonse.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2021, pamene mliri wa Covid-19 unatitsekera m'nyumba, nkhani ya masheya a GameStop, kampani ya ku America yogulitsa masewera apakompyuta imene mtengo wa masheya ake unakwera modzidzimutsa, inafika ngakhale pa magulu a WhatsApp a anthu akumudzi amene kale ankangokambirana za maliro, maukwati ndi mtengo wotumizira katundu kwathu. Mlamu wanga, munthu wodekha amene amagwira ntchito usiku m'nyumba yosamalira okalamba, anayamba masheya nthawi imeneyo. Sanali wotchova juga ndipo sanabwereke ndalama kwa munthu. Ankagula makampani odziwika bwino, monga mabanki, masitolo akuluakulu ndi makampani a mafuta, ndipo akaona kuti mtengo wakwerako pang'ono ankagulitsa n'kugula ena amene atsika. Pa nthawi yopuma ya pakati pa usiku, okalamba onse atagona, foni inali m'manja. Chaka chitatha anabwera kwathu ali wothedwa nzeru, chifukwa m'maganizo mwake malonda ambiri amene anachita anali opindula, koma ndalama zimene zinali mu akaunti sizinkasonyeza phindu limenelo.

Tinasindikiza malisiti onse a malondawo n'kuwayala patebulo la kukhitchini, iye akuwerenga, ine ndikulemba m'kope. Lisiti lililonse palokha linkaoneka losaopsa: apa mapaundi awiri ndi mapeni, apo mapaundi anayi. Titafika pakati pa mulu wa mapepalawo mlamu wanga anasiya kuwerenga mokweza, anavula magalasi n'kungoyang'ana mzere wa manambala umene unali utadzaza tsamba. Ndalama zimenezo zinali za maola ausiku amene anagwira akunyamula anthu, kuwasambitsa ndi kuwasintha zovala, ndipo zinali zitachoka pang'onopang'ono iye osamva kuwawa tsiku ngakhale limodzi. Tinaonanso chinthu china chimene sindinachiiwale: masheya amene anakwera anawagulitsa mwamsanga, pamene amene anagwa mtengo anali adakali nawo, akuyembekezera kuti tsiku lina adzabwerera pa mtengo umene anagulira.

Masamu ake ndi osavuta. Stamp duty ndi theka la peresenti pa ndalama zimene mwagulira masheya a kampani ya ku Britain, ndipo amalipira ndi wogula yekha. Mukagula a £500, boma limatenga £2.50. Tsono tiyerekeze kuti muli ndi mpamba wa £2,000 ndipo mumagulitsa zonse n'kugula zina kamodzi pamwezi. Mwezi uliwonse mumalipira £10, pachaka £120, kutanthauza kuti 6 peresenti ya mpamba wanu yapita musanawerengere china chilichonse. Amene amatero sabata iliyonse amalipira £520, ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a mpamba wonse. Munthu amene anagula kamodzi n'kusunga zaka khumi analipira £10 yokha basi. Zili ngati chimanga chimene mukuchikhuthula kuchoka m'thumba lina kupita m'thumba lina: ulendo uliwonse njere zochepa zimagwa pansi, ndipo amene amakhuthula tsiku ndi tsiku amadzadabwa kuona thumba litaphwa.

Msonkhowu ndi wakalekale. Unayamba ku England mu 1694 pofuna kupeza ndalama zomenyera nkhondo ndi France, ndipo dzina lake linachokera pa chidindo chimene ankadinda pa mapepala a malonda. Pa masheya unali 2 peresenti, kenako unatsitsidwa kufika 1 peresenti mu 1984, n'kudzafika theka la peresenti mu 1986, chaka chimene msika wa masheya wa ku London unasintha kwambiri kayendetsedwe kake. Masiku ano palibenso chidindo; kompyuta imangodula yokha malonda akachitika. Anthu ambiri a m'makampani a zachuma ku London akhala akupempha boma kuti liuchotse, ponena kuti umathamangitsira ogula ku misika ya kunja. Mfundo yawo ndimaimva, ndipo inenso zimandiwawa kuti makampani amene ntchito yawo ndi kugula ndi kugulitsa masheya pamsika tsiku lonse amakhululukidwa msonkhowu pamene namwino amalipira. Komabe, msonkhowu ndi ndalama imene imalembedwa poyera pa lisiti ndi dzina lake lenileni, ndipo n'chifukwa chake mwaiona.

Zimene simukuziona ndizo zimandikwiyitsa. Pa sheya iliyonse pamakhala mitengo iwiri nthawi imodzi, wogulira ndi wogulitsira, ndipo wogulira umakhala wokwererapo. Mpata umenewu, umene amautcha spread, ndi wochepa kwambiri pa makampani akuluakulu a mu FTSE 100, koma pa timakampani ting'onoting'ono ukhoza kufika maperesenti angapo, moti mukagula n'kugulitsa mphindi yomweyo mwaluza kale. Masheya a ku America alibe stamp duty, koma mapaundi anu amasinthidwa kukhala madola pogula, ndipo madola amasinthidwanso kukhala mapaundi pogulitsa; makampani ena amadula pang'ono pa kusinthaku, ena amadula 1 peresenti kapena kuposerapo ulendo uliwonse. Kampani imene ikunena kuti silipiritsa komishoni ili ndi antchito ndi maofesi oti ilipire, ndipo imapindula kwambiri ndi kasitomala amene sakhazikika. N'chifukwa chake foni imalira mtengo ukangosuntha, n'chifukwa chake pamaoneka mndandanda wa masheya amene akwera kwambiri lero. Ine ndemwe ndimachimva chikoka chimenechi mtengo ukafiira pafoni potsika kapena ukabiriwira pokwera, ndipo mauthenga onsewo ndinawazimitsa kalekale. Sindikhulupirira kuti munthu wotopa ndi ntchito ya maola khumi ndi awiri angalimbane ndi chinthu chimene chinakonzedwa dala kuti chizimuitana.

Izi si maganizo anga okha. Akatswiri awiri a ku America, Brad Barber ndi Terrance Odean, anafufuza maakaunti a mabanja oposa 66,000 a pakati pa 1991 ndi 1996, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2000. Mabanja amene ankagula ndi kugulitsa kwambiri anapeza phindu la 11.4 peresenti pachaka, pamene msika wonse unapereka 17.9 peresenti. Kusankha kwawo masheya sikunali koipitsitsa kuposa kwa anzawo. Chimene chinawagwetsa chinali ndalama zolipira pa malonda ochulukawo. Akatswiri omwewa anapezanso kuti amuna amagula ndi kugulitsa mochuluka ndi 45 peresenti kuposa akazi, ndipo amadzichepetsera phindu kwambiri pa chifukwa chimenecho. Odean anali atasonyeza kale mu 1998 khalidwe lomwe lija ndinaliona m'mapepala a mlamu wanga, logulitsa msanga zopindula n'kukakamira zoluza. Ena adzanena kuti komishoni ya nthawi imeneyo inali yokwera kuposa ya lero, ndipo n'zoona, koma ku America kulibe msonkho wa theka la peresenti umene ife timalipira kuno.

Ndimakumbukiranso za kwathu. Msika wa masheya wa ku Blantyre unayamba ndi kampani ya NICO mu 1996, ndipo achikulire amene ndimawadziwa, amene anagula masheya pamene makampani ankangolowa kumene pamsika, ankaika chikalata chawo m'sutikesi pamodzi ndi mapepala a nyumba. Kuti agulitse ankayenera kukwera minibasi, kukaima kwa broker, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, ndi kulemba mafomu, choncho sankagulitsa chifukwa cha mphekesera ya m'mawa umodzi. Vuto la mayendedwe limenelo linkawateteza, ndipo foni yatichotsera chitetezo chimenechi.

Za CFD, chifukwa ndikudziwa kuti wina adzakuuzani

Mukafunsa funso lanuli pa gulu lililonse, padzapezeka munthu wokuuzani kuti CFD ndi spread betting zilibe stamp duty. Sanama, koma chifukwa chake n'chakuti simugula sheya ayi. Mumangobetcha kuti mtengo ukwera kapena utsika, kawirikawiri ndi ndalama zoposa zimene mwaika, ndipo mukasunga malondawo usiku mumalipira chiwongoladzanja. Bungwe la FCA, limene limayang'anira makampani a zachuma kuno, linapeza mu 2016 kuti makasitomala 82 mwa 100 alionse a CFD ankaluza ndalama, ndipo lero kampani iliyonse imakakamizidwa kulemba chenjezo losonyeza kuchuluka kwa makasitomala ake amene amaluza. Kuthawa £2.50 n'kulowa m'zimenezi ndi chinthu chimene sindingalangize munthu aliyense, ndipo amene amakopa anzawo kuti alowemo pofuna bonasi yobweretsa kasitomala watsopano akuchita zoipa, ngakhale atakhala wa mpingo umodzi ndi inu.

Tsono yankho lenileni, mayi, ndi ili. Pa masheya wamba a makampani a ku Britain simungauzembe msonkhowu, ndipo ngakhale mu akaunti ya ISA, imene phindu lake silidulidwa msonkho, stamp duty mumalipira ndithu. Masheya ambiri a pa msika wa AIM alibe stamp duty kuyambira mu April 2014, koma ndi a makampani ang'onoang'ono amene spread yawo ingakudyereni zoposa msonkhowo. A ku Ireland msonkho wake ndi 1 peresenti, choncho kumeneko n'koipirapo. Ma ETF, amene amasonkhanitsa makampani ambiri m'thumba limodzi, mumawagula opanda stamp duty, ndipo kuikamo ndalama yofanana mwezi uliwonse kudzera mu ISA, imene imalola £20,000 pachaka, ndiyo njira imene ndingasankhe ndikanakhala inu. Ngati mukugula kunja kwa ISA, sungani malisiti onse, chifukwa kuyambira mu April 2024 phindu la kugulitsa masheya limene silidulidwa msonkho ndi £3,000 yokha pachaka. Musanagule china chilichonse sabata ino, tsitsani malisiti a miyezi khumi ndi iwiri yapitayi, muphatikize stamp duty ndi ndalama zosinthira madola, kenako muyerekeze chiwerengerocho ndi phindu limene mwapeza. Mukafuna, mundilembere zimene mwapeza ndipo tidzaziona pamodzi.