Maluwa pa galimoto zopserera: chikumbutso kapena chipongwe?

FUNSO: Zikomo Akonzi. Mwana wanga anandionetsa pa foni chithunzi cha galimoto zopserera za ku Ukraine, zosanjikizana, koma zojambulidwa maluwa a mpendadzuwa. Akuti ndi chikumbutso cha anthu ophedwa pa nkhondo. Ine zinandiwawa mumtima. Pomwe pafera munthu n'kumapakapo penti wowala, si kunyoza anamfedwa kumeneko? — Mayi wa ana atatu

YANKHO: Mayi, simuli nokha. Galimotozo zili ku Irpin, kufupi ndi mzinda wa Kyiv, likulu la Ukraine. Dziko la Russia litalowa m'dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, anthu a ku Irpin anathawa ali piringupiringu, ndipo galimoto zambiri zinawomberedwa kapena kupsa. Nkhondo itachoka m'deralo, anaziunjika pamalo amodzi. Chaka chomwecho akatswiri a zojambula, ena a konko ena akunja, anajambulapo mpendadzuwa, duwa lomwe anthu a ku Ukraine amalitenga ngati chizindikiro cha dziko lawo. Ena anayamikira. Ena anadandaula monga mwadandauliramu.

Ine ndili kumbali yanu pang'ono. Dzimbiri ndi maenje a zipolopolo zimanena kale zomwe zinachitika, sizifunanso wozikongoletsa. Komatu ndisakunamizeni kuti zojambula zonse za nkhondoyi n'zotero.

Pa 18 Marichi 2022, pabwalo la Rynok mumzinda wa Lviv, ku Ukraine komweko, anandandalika tingolo toyendetsera makanda 109, tonse topanda mwana. Kangolo kalikonse kankaimira mwana mmodzi yemwe anali ataphedwa kufikira tsikulo. Panalibe penti kapena mawu ambiri. Inu ndinu kholo, mukudziwa kuti kangolo kotere sikakhala kokha; pafupi pamayenera kukhala mayi akukankha kapena akutonthoza. Bungwe la United Nations linanena mu Novembala 2023 kuti anthu wamba ophedwa anali atapitirira 10,000. Nambala yotere munthu amangoimva n'kupitiriza zomwe amachita. Tingolo timuchititsa kuwerenga kamodzikamodzi, ndipo safika patali asanagwetse nkhope.

Patangotsala masiku awiri kuti tingoloto tiikidwe, bomba linagwa pa nyumba ya zisudzo ya mumzinda wa Mariupol, momwe munabisala anthu mazanamazana. Panja pake anali atalemba pansi zilembo zikuluzikulu m'Chirasha zosonyeza kuti muli ana, kuti oyendetsa ndege aone. Mpaka pano anthu m'mizinda ina amalembanso zilembo zomwezo pansi, ena ndi makandulo, pokumbukira tsikulo.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ine sichinapangidwe n'komwe ndi katswiri. Ku Borodianka, tauni ya kufupi ndi Kyiv, nyumba ya nsanjika inagumuka pakati ndi mabomba, koma m'mwamba, pakhoma lomwe linatsala, kabati ya m'khitchini inakhalabe ili lende, mbale zili momwemo, pamwamba pake pali tambala woumba ndi dongo. Anthu a ku Ukraine amati tambalayo akuonetsa kulimba kwawo, ndipo kabatiyo inatsitsidwa n'kukasungidwa kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Kyiv. Ine ndikaiona ndimangoganiza za munthu yemwe ankatsegula kabatiyo m'mawa uliwonse, kuti tsiku limenelo anali kuti.

Tsono penti payekha alibe mlandu. Akatswiri a zojambula a ku Ukraine, Oleksandr Klymenko ndi Sofia Atlantova, amatenga matabwa a mabokosi a zipolopolo ochokera kunkhondo n'kujambulapo zithunzi za Yesu, Mariya ndi oyera mtima, monga mwa mwambo wa mpingo wa Orthodox. Ntchitoyi anaiyamba nkhondo ili kum'mawa kwa dzikolo kokha, m'dera la Donbas, chaka cha 2022 chisanafike. Ndalama zomwe amapeza akagulitsa zimathandiza madokotala odzipereka omwe amapulumutsa ovulala. Apa sindiona chipongwe, pakuti m'bokosimo simunafere m'bale wa wina aliyense. M'galimoto ndi nkhani ina. Galimoto ili ndi mwini wake, ndipo ngati mwiniyo anaferamo, oyenera kunena kuti pajambulidwe duwa kapena ayi ndi abale ake, osati ojambula kapena ife oona pa foni.